"Kumene mukuchokera mumalandira zingati?"



Nditangomaliza maphunziro a ku yunivesite, ndinaitanidwa ku intavyu pa kampani ina mumzinda muno. Tisanakambe za ntchitoyo, bwana wina anandifunsa ndalama zimene ndinkalandira kumene ndinkagwira ganyu. Ndinanena zoona. Malipiro amene anandipatsa anangoposa pang'ono a ganyu aja. Patapita miyezi ndinamva kuti mnzanga wa tebulo loyandikana nalo, pa ntchito yofanana ndi yanga, ankalandira zambiri kuposa ine. Iye anachokera kolipira bwino, basi.

M'maiko ena funsoli analiletsa. Chigawo cha Massachusetts ku America chinakhazikitsa lamulo lotere mu 2016. Mu 2023 maiko a European Union anagwirizana kuti olemba ntchito aziuza ofunsira ntchito malipiro oyambira intavyu isanachitike, ndipo asamawafunse zimene ankalandira kale. Dziko lililonse linapatsidwa mpaka pa 7 June 2026 kuti liike zimenezi m'malamulo ake. Chifukwa chake n'chomveka: amene anaponderezedwa pa ntchito yoyamba, makamaka amayi, amasenza malipiro ochepawo kulikonse kumene apita.

Tsegulani Mateyo 20. Mwini munda wamphesa anayamba wapangana ndi antchito a m'mamawa za malipiro a tsikulo, kenaka n'kuwatumiza kumunda. Amene anawapeza madzulo ali chiimire, osagwira ntchito, sanawafunse zimene analandira dzulo lake kuti apezerepo mpata. Anawalipira zokwanira kuti kunyumba kwawo moto uyake.

Wina anena kuti, "Komatu anavomera yekha." Papa Leo XIII anayankha kale mu 1891 m'kalata yake ya Rerum Novarum. Anaphunzitsa kuti wantchito akavomera malipiro osakwanira chifukwa chosowa pogwira kapena chifukwa cha mantha, amakhala atachitiridwa zosalungama ngakhale panali mgwirizano.

Tisafulumire kuloza chala makampani akuluakulu. Ambirife tili ndi mlonda, wantchito wa m'nyumba, mwina mnyamata wogulitsa m'golosale. Mukamafuna munthu wotere, tchulani inuyo ndalama poyamba, iye asanakwere minibasi kuchokera kumudzi ndi ndalama yobwereka. Akakuuzani kuti kwa abwana akale ankalandira zochepa kuposa zimene boma linakhazikitsa, musati mwachita mwayi. Wakuululirani chilonda chake.

Pa misonkhano ya m'miphakati sabata ino, tiwerenge Yakobe 5:4 ndi Levitiko 19:13. Amene muli ndi antchito kunyumba, mubwere nawo ngati angathe, ndipo muwalole ayambe ndi iwo kulankhula.