Khomo la Boma: Kulandira ndi Kutchinjiriza

M'nyengo ino ya Lenti tiyeni tilingalire za khomo. Ku Ottawa, pa phiri la Nyumba ya Malamulo, kuyambira chaka cha 2019 alendo amalowera m'nyumba yatsopano yolandirira anthu, yolumikizana ndi West Block, kumene aphungu akukumanira pomwe Centre Block ikukonzedwa. Akatswiri a mapulani a Moriyama & Teshima ndi IBI Group anabisa mbali yake yaikulu pansi pa nthaka kuti isaphimbe nyumba zakale. Khomo lake ndi la miyala, laulemu ndithu, koma mlendo akangolowa amayamba wasechedwa. Apa ndi pamene pagona funso lathu: kodi khomo la boma ntchito yake ndi kulandira kapena kutchinga?

Onena kuti litchinge ali ndi mfundo. Pa 3 February 1916 moto unapsereza Centre Block yakale ndipo anthu 7 anafa, koma nyumba ya mabuku inapulumuka chifukwa zitseko zake zachitsulo zinatsekedwa msanga. Pa 22 October 2014 munthu wina wamfuti, atapha msilikali Nathan Cirillo pa chipilala chokumbukira ankhondo, anathamangira m'nyumbayo kudzera pakhomo lalikulu. Chitseko chotseka chinapulumutsa chuma cha fuko. Chotsegula chinalowetsa imfa. Wosamala miyoyo ya anthu sangazinyalanyaze zimenezi.

Komabe ife tinakulira kumene bwalo la mfumu lilibe chitseko. Pansi pa mkuyu, mayi wamasiye ndi mwini ng'ombe amakhala pa dothi limodzi, ndipo akuluakulu amati mfumu ndi dzala, kutanthauza kuti imalandira zonse, zokoma ndi zonunkha zomwe. Nyumba ya Malamulo imamangidwa ndi msonkho wa anthu, choncho wolowamo ndi mwini nyumba, ngakhale atavala zigamba. Khomo limene limamuopsa mwini nyumbayo lalephera ntchito yake, kaya miyala yake ikongole bwanji.

Tikuganiza kuti yankho lili pa kusiyanitsa chida ndi munthu. Khomo lolungama limakaniza mpeni ndi mfuti, osati umphawi, khungu kapena kalankhulidwe. Chenjezo likagwera onse mofanana, silinyoza aliyense. Likayamba kusankha nkhope, lasanduka tsankho. N'chifukwa chake womanga ayenera kudzifunsa ngati wa njinga ya olumala alowera pomwe alowera anzake, ndiponso ngati wodikira pamzere m'chisanu cha January ali ndi pobisala. Cholakwika cholembedwa papepala chimafufutika mawa, koma chomangidwa ndi mwala chimaphunzitsa mibadwo ingapo kuti woyenera kulowa ndani.

Ife amene tinakalambira m'ntchito za boma tikudziwanso kuti khomo lenileni si mwala ayi, koma munthu: mlonda, mesenjala, kalaliki. Mawu awiri okha akuti "bwerani mawa" amatha kutseka kolimba kuposa chitsulo, makamaka kwa gogo amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ndalama ya basi. M'fanizo la Lazaro, pa Luka 16, wachuma sakutsutsidwa chifukwa chokhala ndi chipata, koma chifukwa chosamuona wogona pachipatapo.

Tonsefe tinaimapo pamzere pa bwalo la ndege la Pearson, mapepala m'manja, mtima uli m'mwamba, kudikira kuti mlendo mnzathu wa dzulo atilole kulowa. Lero tili ndi makiyi a nyumba zathu, ndipo n'zoyenera kuzikhoma usiku. Koma wophunzira wongofika kumene kuchokera ku Dedza kapena ku Chipata, wopanda jekete la chisanu, akanena odi, apeze wina womuyankha kuti lowani. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tisadikire Pasaka kuti timutsegulire.