Kuona maso a nkhono n'kudekha

Mvula ikagwa ku Mualadzi kapena ku N'sadzu, nkhono zimatuluka m'maudzu n'kumakwawa m'mbali mwa njira. Mwana wopupuluma akaitola, imabwerera m'chigoba mwake, ndipo angaigogode bwanji, chimene aone ndi thovu basi. Koma woisiya pansi n'kukhala phee amaiona ikutulutsa mutu, kenako tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi ndi tiwiri tatitali. Kunsonga kwa tatitalito n'kumene kuli maso, timadontho takuda. Apa m'pamene makolo anatola mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankaunena pa mlandu wosafunika kuugamula msanga, pa mkamwini amene khalidwe lake limadziwika atalima nyengo zingapo, ndi pa chilichonse chimene chimabisala munthu akachithamangira.

Mwambiwu ndikuupereka kwa iwe mphwanga wa ku Chifunde amene wamaliza kalasi 12 ndipo mtima wako uli pa mbiri ya zojambula ndi zosema. Kuno ku Mozambique khomo limatsegulidwa makamaka ndi mayeso olemba, kaya ndi ku Universidade Eduardo Mondlane, kumene amaphunzitsa zofukula zakale ndi kasamalidwe ka chuma cha makolo, kaya ndi ku ISArC ku Matola. Koma ukafuna thandizo la fizi kapena malo kunja, nthawi zina udzakhala pamaso pa aphunzitsi n'kuyankha pakamwa. Ku Oxford ndi ku Cambridge amakonda kuonetsa wofunsidwayo chithunzi chimene sanachionepo, n'kumufunsa kuti akuona chiyani.

Ambiri amagwa pamenepo chifukwa cha liwiro. Analoweza kuti wojambula Malangatana anabadwa mu 1936 n'kumwalira mu 2011, analowezanso za Picasso, ndiye chithunzi chikangotulutsidwa amathamangira kunena kuti chikusonyeza mavuto a anthu. Mwina n'zoona, koma waonera pati? Wofunsayo akufuna umve kaye ndi maso: anthu alimo angati, athinana kapena atalikirana, diso lako layambira kuti, utoto ndi wokhuthala kapena wopyapyala, anapaka ndi burashi kapena chala. Tanthauzo limatulutsa mutu pambuyo pake. Kukhala chete kamphindi usanayankhe si kulephera, ndipo mphunzitsi wabwino amakondwa nako.

Usadandaule kuti Museu Nacional de Arte ili kutali ku Maputo. Poyeserera pali pafupi. Ku Chifumbazi, kumpoto konkuno kwa Tete, kuli phanga la zojambula za pamwala. Carl Wiese anakumbamo mu 1907 n'kupeza mapale, ndipo patapita zaka katswiri David Phillipson anatenga dzina la malowo n'kutchulira miphika ya alimi oyamba kusula zitsulo kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Dzina la phiri lakwanu lili m'mabuku a mayunivesite omwe ukuwaopawo, ndipo zimandiwawa kuti ana athu ambiri amalimva koyamba kwa alendo. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, amati n'za Akafula. Zoyera, zopaka ndi chala, n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau.

Ukapeza mwala wotere, pempha chilolezo kwa amfumu ndi akuluakulu a pamalopo, ukhale pansi. Usaugwire, usauthire madzi pofuna kuti zioneke bwino, chifukwa kutero n'kuononga. Poyamba udzaona mathothomathotho chabe. Diso likazolowera mthunzi udzayamba kusiyanitsa mzere wa munthu ndi mkwasa wa mvula. Udzaona pamene choyera chakwera pamwamba pa chofiira, ndipo pomwepo wadziwa chimene chinayamba popanda wokuuza. Udzadzifunsanso chifukwa chake wina anajambula m'mwamba mosafikika, wina m'munsi mofika munthu atakhala. Mafunso amenewa ndiwo ntchito yeniyeni ya maphunzirowa.

Pabwalo la gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, diso limaphunziranso. Yang'ana nkhope yofiira ya Simoni, uone mmene makolo anamuonera mzungu wopsa ndi dzuwa. Yang'ana msana wa Kasiyamaliro mmene wapindikira, ndi mmene fumbi ndi ng'oma zimasinthira maonekedwe ake. Chilombo chili pabwalo n'chosiyana kwambiri ndi chimene chapachikidwa pakhoma la nyumba yosungiramo zakale, ndipo kusiyana kumeneko ungakukambe kwa nthawi yaitali aphunzitsi akumvetsera. Koma za kudambwe zisiye kudambwe. Akakufunsa zopitirira, nena mwaulemu kuti izo n'za ometa, ufotokoze chifukwa chake. Funso loti ndani aloledwa kuona chiyani nalonso ndi gawo la mbiri ya zaluso.

Mayeso a pakamwa aja adzakhala m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Pempha aphunzitsi ako akutsegulire buku lililonse pa chithunzi chimene sukuchidziwa, aphimbe dzina la wojambula, iwe uchifotokoze kaye m'Chinyanja mpaka zonena zithe, kenako ubwereze m'chinenero cha mayesowo. Mawu amene akusowe uwalembe m'kope, ukawafunefune madzulo.