Mendulo za Asilikali a Kwathu

Gule wa beni akamavinidwa ku Ntaja kapena ku Ulongwe, maso anga amakhala pachifuwa cha ovinawo. Amavala zonga yunifolomu, wina wezulo ali pakamwa, ndipo ena amapachika tizitsulo tonyezimira pamalaya. Guleyu anafala kuno ndi azigogo athu obwerera ku nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, amene anatenga perete wa Keyala n'kumusandutsa gule. Ndikaona tizitsuloto ndimadzifunsa kuti mendulo zenizenizo zinapita kwa yani.

Dera lino linapereka anyamata ambiri kunkhondo. Mu 1895 Angerezi anagonjetsa Mfumu Kawinga paphiri la Chikala, ndipo pasanapite zaka zambiri ana a Ayao anali atavala yunifolomu ya amene anawagonjetsawo. Mu 1900 ena anakamenya nkhondo ku Ashanti, m'dziko lomwe lero ndi Ghana. Gulu la King's African Rifles, lomwe timati Keyala, litakhazikitsidwa mu 1902, anawatumiza ku Somaliland, kutali ndi Chirwa ndi Shire, kumchenga kopanda madzi.

Kumeneko, pa 6 October 1902, pamalo otchedwa Erego, mkulu wa asilikali Alexander Cobbe anatsala yekha kutsogolo ndi mfuti ya chiwaya. Anaiwomba yekha, kenako anatuluka zipolopolo zikuvumba mbali zonse kukanyamula msilikali wovulala. Anamupatsa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Angerezi, ndipo mpaka lero Cobbe Barracks ku Zomba imadziwika ndi dzina lake. Ine sindimuchitira nsanje. Munthu wobwerera kumoto kukatenga mnzake ndi woyenera ulemu, kaya khungu lake ndi lotani. Chimene chimandiwawa ndi cha miyezi yotsatira: mu April 1903, ku Gumburu, asilikali ochokera kuno anazunguliridwa, namenya mpaka zipolopolo zinawathera, ndipo ambiri anathera pomwepo. Ena mwa iwo mwina anakulira m'midzi imene timadutsamo tikamapita ku Liwonde. Palibe msewu kapena sukulu imene ndikuidziwa yotchedwa dzina la mmodzi wa iwo.

Asilikali akuda anali ndi mendulo yawoyawo, African Distinguished Conduct Medal, ndipo ena a ku Nyasaland anailandira. Victoria Cross palibe msilikali wakuda wa Keyala anailandirapo. Si kuti olimba mtima anasowa. Kuti munthu alandire mendulo pamafunika mkulu womuona, mkuluyo apulumuke, alembe lipoti, ndipo akuluakulu alivomereze. Kumene mboni zonse zafera limodzi, kapena kumene woonayo sanafune kulemba, kulimba mtima kumatsikira m'manda limodzi ndi mwini wake.

Nanga amtengatenga? Pa nkhondo ya Chiwaya amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza katundu wa asilikali pamutu, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa m'tchire la Tanganyika ndi Mozambique. Mfuti analibe. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Ndikamva nambala imeneyi ndimaganiza za mayi wa kwa Kalembo kapena kwa Nsamala amene anadikira mwana wake zaka ndi zaka, osalandira ngakhale uthenga wa maliro, osadziwa koti akalire.

Nkhaniyi sinathe ndi atsamunda. Pa nthawi ya nkhondo ya Renamo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala yodutsa pa Nayuchi, ndipo ena sanabwerere. Sitima ikuyendabe kuchoka ku Nkaya kudzera pa Liwonde, koma ana a sukulu a m'mbali mwa njanjiyo sauzidwa za iwo.

Mtima wanga unakhalako pansi mu May 2019, pamene mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka Captain Mbaye Diagne Medal ku banja la Private Chancy Chitete. Mu November 2018, pa nkhondo ina kufupi ndi tauni ya Beni ku Democratic Republic of Congo, Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala. Anamukokera pamalo otetezeka, ndipo akumuthandiza pomwepo chipolopolo chinamupeza. Omary anachira. Zimene anachita Chitete n'zimene anachita Cobbe, kusiyana kwake n'kwakuti Chitete sanabwerere kwawo wamoyo. Ulendo uno Mmalawi anaonedwa, analembedwa, ndipo dziko lonse lapansi linamva dzina lake. Komabe pa nkhondo yomweyo panafa Amalawi asanu ndi mmodzi, ndipo enawo mabanja awo akulira chimodzimodzi.

Boma silingapereke mendulo kwa aliyense, ndipo sindikupempha zimenezo. Mayina okha ndiwo sayenera kutayika. M'nyumba zambiri za ku Machinga ndi Balaka muli bokosi lachitsulo momwe muli chithunzi, khadi la usilikali kapena mendulo yadzimbiri ya agogo amene anapita ku Ethiopia, Burma kapena Malaya. Ngati kwanu kuli bokosi lotere, litseguleni agogo aakazi akadali moyo. Afunseni dzina lonse la malemuwo, mudzi wawo, chaka chimene anapita ndi kumene anakamenya, ndipo mulembe m'kope kuti adzukulu adzawerenge.