Ukwati wa Nkhalamba ndi Nthenda ya Kuiwala

Kuwerenga: 2 Samueli 19, Yesaya 49

Ambiri a inu muli nao abale ku Lusaka. Iwo anachoka ku Katete, ku Petauke ndi ku Chipata atangokwatirana kumene, namanga nyumba zao ku Matero, ku Chawama ndi ku George. Ena anaona ndi maso chigumula cha ku Kanyama cha 1978. Lero imvi zadzala pamutu, ndipo alipo amene akhala m'banja zaka zoposa 50.

Tsono pa ena mwa mabanja amenewa pagwa chiyeso chowawa. Mwamuna ayamba kuiwala pamene waika makiyi. Pambuyo pake aiwala kuti wadya, nadandaula kuti am'mana nsima. Dzuwa likapendeka amanga katundu, nati apita kwao kwa amake, amene anagona kalekale. Ndipo lidza tsiku limene ayang'ana mkazi amene anam'balira ana, nafunsa kuti, "Pepani amayi, kodi mkazi wanga mwamuona?"

Imeneyi ndi nthenda ya ubongo. M'chaka cha 1901, ku Frankfurt m'dziko la Germany, munthu wina anapereka mkazi wake Auguste Deter, wa zaka 51, ku chipatala, popeza analikuiwala zonse. Mkaziyo atamwalira mu 1906, dokotala Alois Alzheimer anapima ubongo wake, naupeza utaonongeka. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2021 odwala kuiwala kotere anali 57 miliyoni pa dziko lonse. Mankhwala ochiritsiratu sanapezeke. Komabe tengerani wodwalayo ku chipatala msanga, pakuti kuiwala kwina kuchokera ku matenda ena ochizika.

Ndinena izi chifukwa cha choipa chimene chichitika m'makomboni ndi m'midzi momwe. Gogo atuluka usiku, nasokera m'tinjira ta ku Mtendere, pakuti nyumba zifanana. M'mawa apezeka pa khomo la eni, wosavala bwino, wosadziwa dzina lake. Ndipo khamu lifuula kuti mfiti yagwa pa lichero. Ha! Akristu nao atola miyala. Dziwani kuti lamulo la Zambia liletsa kutchula munthu mfiti, ndipo Mulungu adzafunsa mwazi wa nkhalambayo.

Taonani Barizilai. Anali wa zaka 80, ndipo anauza Davide kuti chakudya sichim'komeranso, ndi mau a oyimba sawamvanso. Anangopempha kukafera kwao, pafupi ndi manda a atate wake ndi amake. Mfumu sinam'seke, koma inam'psompsona ndi kum'dalitsa. Momwemonso nkhalamba ikalira kumudzi musalimbane nayo. Muifunse za mudziwo, za dimba ndi mtsinje, ndipo mtima wake udzakhala pansi.

Koma mau anga akulu ndi a kwa iwe wotsala ndi nzeru, amene mnzako sakudziwanso. Satana adzakunong'oneza kuti ukwati watha, pakuti amene unapangana naye palibe. Wanama. Pangano lija silinasungidwe m'mutu wa mwamuna wako, monga ndalama m'thumba lobooka. Munalichita pamaso pa Mulungu, amene mwa Yesaya atiuza kuti chikumbukiro chake chiposa cha mayi woyamwitsa. Tsopano ukumbukira ndiwe m'malo mwa nonse awiri. Akakuyesa mlendo, usam'kakamize. Um'patse moni ngati mlendo, num'sambitse ngati mwamuna wako. Ndipo ukalira, kapena kupsa mtima usiku wosagona, usadziyese wosakhulupirika.

Inu ana, sindivomereza chizolowezi cha kukweza wodwalayo basi yekha kum'tumiza kumudzi, mnzake natsala m'tauni kulera zidzukulu. Ngakhale waiwala dzina, liwu ndi dzanja la mnzakeyo zim'tonthoza kuposa za wina aliyense. Akabwera kwanu kumudzi, abwere onse awiri.

Ndipo mpingo usangopemphera patali. Amayi a Chigwirizano apangane masiku, mmodzi akhale ndi wodwalayo kuti mnzake agone kapena apite kumsika. Akulu a mpingo adziwitse anansi za nthendayi, ndi kusokerera m'malaya ake kansalu kolembedwa dzina ndi mpingo wake. Pokam'chezera musachuluke mau. Yambani nyimbo imene anaiphunzira ali m'kalasi ya ubatizo, pakuti kawirikawiri nyimbo zitsalira pamene maina a ana apita.