Za Kutsinzina Diso Limodzi

Munthu aliyense amaphethira, ndipo palibe amfunsa chifukwa chake. Koma akatseka diso limodzi, lina lili chipenyere kwa mnzake, pamenepo walankhula ngakhale kuti pakamwa sipanatseguke. Ife timati wamtsinzinira; Angerezi amati "wink". Ndipo kutsinzinira kumalira anthu atatu: wotsinzinira, womtsinzinirayo, ndi wachitatu amene sayenera kuona. Owerenga musamuiwale wachitatuyu, pakuti nkhani yonse yagona pa iye.

Kalekale liwu ili la Chingerezi linkatanthauza kutseka maso onse awiri. Nchifukwa chake Mngerezi akagonako pang'ono masana amati "forty winks", ndipo akachezera usiku wonse osaona tulo amati sanagone ngakhale "wink" imodzi. Apa palibe mlandu. Mawu ovuta ndi akuti "to wink at", ndiko kuona cholakwa ndi kuchita ngati sunachione. Liwu lina lakuti "connive", lonena za kugwirizana mobisa pa choipa, lidachokera ku Chilatini, kumene linkangotanthauza kutseka maso. Komabe m'Baibulo la Chingerezi la 1611, pa Machitidwe 17:30, pamene Paulo alalikira ku Athens, omasulira adagwiritsa ntchito "winked" ponena za Mulungu polekerera nthawi za umbuli. Taonani tsono, liwu limodzi lasenza akatundu awiri, chifundo ndi chinyengo.

Palinso mawu akuti "to turn a blind eye", amene anthu amawalumikiza ndi Horatio Nelson, mkulu wa nkhondo ya pamadzi. Iyeyu diso lake lamanja lidaleka kupenya atavulala ku Calvi mu 1794. Pa nkhondo ya ku Copenhagen mu 1801, mkulu wake Hyde Parker adakweza mbendera yomuuza kuti aleke kumenya. Amasimba kuti Nelson adaika galasi loonera patali pa diso lakufalo, nanena kuti sakuona mbendera iliyonse, napitiriza nkhondo. Angerezi adapambana, ndipo nthanoyi amaikamba monyadira. Ine ndimadzifunsa: akadagonja, kodi akadaikamba motero? Diso lomwelo, bodza lomwelo, koma bwenzi akulitcha kusamvera. Anthu mazanamazana adafa mbali zonse ziwiri tsiku limenelo, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene adafunsidwa za diso lija.

Wakhungu sitimzenga mlandu wa kusaona. Koma wotsinzina dala wayamba waona, waganiza, kenaka ndi kutseka. Kusaona kwake ndi ntchito imene waichita, monga kulima kapena kuba. Funso latsala nlakuti ntchitoyo ikoma liti, ndipo iipa liti.

Tiyerekeze mayi amene wapeza mwana wanjala akuthyola chimanga chiwiri m'munda mwake. Mayiyo acheukira kwina, nayamba kumanga nkhuni zake. Ndani angamdzudzule? Chimangacho nchake, ndipo wachipereka mosachititsa mwanayo manyazi, chimene chiposa kupatsa kwa pagulu. Tiyerekezenso kalaliki wa pamsika amene waona mnzake akubera mlimi pasikelo poyesa mtedza. Mnzakeyo amtsinzinira, iye namwetulira, nayang'ana m'buku. Maso a anthu awiriwa achita chimodzimodzi, koma mayi uja wapereka chake, pamene kalaliki wapereka cha mwini. Mlimi ndiye wachitatu uja, ndipo abwerera kwawo akuwerenga ndalama zosakwanira, osadziwa kuti adamgulitsa ndi chikope.

Mpaka apa njira njoyera, ndipo ndikadakonda kulekera pomwepa. Koma pali mlandu wina umene umandisautsa. Mphunzitsi woyang'anira mayeso aona mwana wamasiye, wakhama, amene adadwala chaka chonse, akusuzumira pepala la mnzake. Mtima wa mphunzitsiyo uti, tembenukira kuzenera. Sakulandira kanthu, sakufuna kuthokozedwa. Nchifundo chenicheni, ndipo ine sindingamutche munthu woipa. Akaunguza m'chipindamo saona wina aliyense wolakwiridwa. Komatu malo a kusekondale ngowerengeka. Kwinakwake, kusukulu imene mphunzitsiyu sadzafikako, kuli mwana wina, kapena wamasiyenso, amene wakhala pa benchi lake mmawa womwewo, nalemba zokhazo zimene anali kuzidziwa.