Kodi Munda wa Mtchona Ngwa Yani?

Taganizirani mlandu uwu. Munthu wa kuno ku Chiromo anapita ku Joni, nakhalako zaka khumi ndi ziwiri. Dimba lake la m'mbali mwa Ruo analisiyira mng'ono wake. Lero wabwera, ndipo akuti: "Mphwanga, undibwezere munda wanga." Mng'onoyo akuti: "Achimwene, munali kuti pamene madzi anaukwirira ndi mchenga?" Onse awiri ndi obatizidwa, ndipo amagwada pa guwa limodzi. Nanga chilungamo chili kwa yani?

Mlanduwu si wa lero. Makolo athu anapita ku migodi ndi Wenela, ena ku Rhodesia ndi Mthandizi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, niipha Amalawi 74. Boma linaletsa kulemba anthu, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kwawo m'zaka ziwiri zokha. Ulendo wa TEBA nawo unatha mu 1988. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo anali kuphedwa ku South Africa, ambiri anafika pa mabasi a boma opanda ngakhale bulangete. Onsewa, atapuma, anayang'ana kumunda.

Tiyambe ndi wobwerayo. Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake ya 1981 yotchedwa Laborem Exercens, anaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wochoka kwawo kukafuna ntchito, ndiponso ufulu wobwerera. Koma ufulu wobwerera ungakhale mawu chabe ngati munthuyo alibe pogwetsa khasu. M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 8, timamva za mai wa ku Sunemu amene anathawa njala zaka zisanu ndi ziwiri. Atabwerako, mfumu inalamula kuti amubwezere zake zonse, pamodzi ndi zokolola za zaka zonsezo. Wapaulendo sanafe. Ndiponso tisaiwale kuti malata ambiri a m'midzi yathu, ndi ana ambiri ophunzira, ndi thukuta la anthu amene analowa pansi pa nthaka ya eni.

Komabe wotsala nayenso ali ndi mawu, ndipo ine ndiyesa kuti mawu akewo salemekezedwa mokwanira. Papa Leo XIII, mu Rerum Novarum ya 1891, anati munthu akathyola thengo nalisandutsa munda, amasiya chizindikiro cha umunthu wake pa nthakayo, kotero kuti kumulanda zipatso zake nkumubera. Tsono kuno ku chigwa mawu amenewa akulemera koposa, pakuti dimba silidikira mwini wake. Ukalisiya dzinja limodzi, bango lalowa. Madzi a mu January 2015 ndi a namondwe Freddy mu March 2023 anafafaniza malire, nakwirira minda yambiri ya ku Makhanga ndi mchenga. Amene anakumba mchengawo kufikira atapeza dothi lakuda, amene anagona m'chisakasa kuingitsa mvuu usiku, udzudzu ukumudya, ameneyo sanangosunga munda ai. Anaupanga kachiwiri.

Choncho tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri: nthaka ndi ntchito yogwiridwa pa nthakayo. Chimanga ndi mbatata zimene zili m'dimba nza amene anabzala, ndipo wobwera sangazikhudze, ngakhale malowo ndi ake. Ayembekeze kufikira atakolola. Zokolola za zaka zapitazo asazifunse nkomwe, pakuti mng'ono wake sanalande mundawo, anachita kupatsidwa. Za nthaka yeniyeniyo, funso ndi ili: kodi munthuyu, ali kutali, anali kukumbuka kwawo? Ngati ankatumiza thandizo, ngati ndalama zake zinagula mbewu ndi kulipira aganyu, ndiye kuti anali kulima ndi manja a ena, ndipo munda ubwerere kwa iye, ngakhale kuti nkoyenera kusiyako chigawo kwa amene anautetezera.

Nanga mtchona weniweni, uja anakhala chete zaka zonse, mkazi ndi ana nkumaleredwa ndi abale? Ambiri amathamangira fanizo la mwana wolowerera, pa Luka 15, namati alandiridwe basi. Alandiridwe ndithu. Koma werengani bwino: bamboyo anamupatsa mkanjo, mphete ndi phwando, koma sanagawenso chuma, anatsimikizira mwana wamkulu kuti zonse zotsala nzake. Mtchona wotere abwere ngati wopempha, osati wolamula. Ndipo mbale wake, ngakhale chilungamo sichimukakamiza kubweza zonse, chikondi chikumukakamiza kuti asamusiye wopanda mzere umodzi woti alime. Kumuseka pa bwalo la mowa kuti "Joni yako ili kuti?" ndi tchimo limene ambiri saulula.

Inu aphunzitsi a m'mipingo, milandu iyi imayamba tsiku lonyamuka, osati lobwera. Mnyamata akabwera kudzatsazika, mfunseni za munda. Apite ndi mbale wake kwa nyakwawa, pamaso pa mkazi wake ndi mboni ziwiri, anene poyera ngati akubwereketsa kapena akupereka, kwa zaka zingati, ndi chimene wosungayo adzalandire. Mulembe zimenezi pa pepala, ndipo lina lisungidwe ku parishi, pamalo posafika madzi.