Kodi Ngongole Imafera Limodzi ndi Mwini Wake?

KU Raffingora, dera la mafamu a fodya ndi chimanga m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia kudzagwira ntchito. Mwamuna wa m'banja lotero atamwalira, kaŵirikaŵiri amasiya zochepa: njinga, mbuzi zingapo, ndi ziŵiya za m'nyumba. Angasiyenso ngongole kusitolo kapena kwa mnansi. Maliro atangotha, eni ngongole amafika, pamenenso achibale akufuna kugaŵana katundu. Kodi mkazi wamasiye wachikristu ayenera kuchitanji?

Vuto limeneli silachilendo. M'masiku a mneneri Elisa, mtumiki wina woopa Yehova anamwalira ali ndi ngongole, ndipo mwini ngongoleyo anafuna kutenga ana ake aŵiri kuti akhale akapolo. Elisa sanauze mkazi wamasiyeyo kukana ngongoleyo. Mulungu atachulukitsa mafuta ake mozizwitsa, mneneriyo anamlangiza kuwagulitsa, kubweza ngongoleyo choyamba, ndiyeno kudzisamalira iye ndi ana ake ndi zotsalazo. (2 Mafumu 4:1-7) Chotero mangawa analipiridwa, komabe banjalo silinasiyidwe chimanjamanja.

Malamulo a Zimbabwe amatsatira dongosolo lofananalo. Chuma cha masiye chimalembetsedwa ku ofesi ya Master of the High Court, ndipo pamaikidwa munthu wochiyang'anira. Iyeyu amalengeza m'nyuzipepala kuti onse amene malemuyo anali nawo ngongole aonekere m'nyengo yoikika, yosachepera masiku 30. Ngongole zotsimikizirika zimalipiridwa kuchokera m'chuma chimenecho oloŵa nyumba asanalandire gawo lawo. Ngati chumacho chapereŵera, lamulo silikakamiza mkazi kapena ana kulipira ndi ndalama zawozawo, pokhapo ngati anasaina monga chikole. Ndiponso, kuyambira mu 1997, mkazi wokwatiwa mwamwambo ali ndi kuyenera kwa kulandira nyumba imene anali kukhalamo ndi katundu wa m'nyumbamo.

Chifukwa chake Mkristu samabisa mbuzi kwa mnansi pofuna kuzemba eni ngongole, pakuti Malemba amatcha woipa munthu wokongola ndi kusabweza. (Salmo 37:21) Nanga bwanji ngati Mkristuyo ndiye mwini ngongole? Chilamulo cha Mose chinaletsa kutenga chovala cha mkazi wamasiye monga chikole. (Deuteronomo 24:17) Iye angakhale ndi kuyenera kwalamulo, koma chifundo chingamsonkhezere kudikira kufikira zokolola zitagulitsidwa, kapena ngakhale kukhululukira ngongoleyo.

Mutu wa banja wanzeru samayembekezera imfa kuti ivumbule mangawa ake. Amauza mkazi wake za ngongole iliyonse ndi kuilemba, akali ndi moyo. Mwakutero amatetezera banja lake ku mikangano, nasiya dzina labwino kwa anansi ndi kwa Mulungu, amene amaona kusamalira ana ndi akazi amasiye kukhala mbali ya kulambira koyera.—Yakobo 1:27.